Ng'oma za Amalume Opanda Zala

Amalume anabwelako ku Minga chaka chimene ine ndinalephela kupitiliza sukulu ku Petauke. Tinafika m'mudzi motsatizana, ine ndi sutikesi ya mabuku amene analibenso ntchito, iwo ndi kathumba ka saka m'khwapa. Tonse awili panalibe amene anali kutiyembekeza.

Anali mlongo wao wa amama, woyamba kubadwa. Anachoka kwathu ku Luembe ine ndikali kukwawa, atayamba mawanga pakhungu, ndipo anakhala kuchipatala cha akhate cha ku Minga zaka zonse zimene ine ndinali kukula. Ufulu wa dziko unawapeza komweko. Pobwela anali atachila, kalata ya asisitele ili m'thumba la malaya, koma zala zinali zitapita. Kudzanja lamanja kunatsala chala chachikulu ndi kachidutswa ka chinzake. Kumanzele kunali chibakela chokha, chosalala ngati mutu wa munsi.

Anthu anawalandila ndi mau okoma ataimilila patali. Kalatayo ndinaiwelenga ndine pabwalo, m'Chingelezi, kenaka n'kumasulila m'Chinsenga: munthuyu wachila, sangapatsile wina aliyense. Onse anagwedeza mitu. M'mawa mwake anawamangila kanyumba kuseli kwa nkhokwe zomaliza, pafupi ndi thengo, n'kuwapatsa mbale yao, chikho chao ndi kanjila kaokao kopita kumtsinje. Amama ankawapelekela chakudya tsiku lililonse osaphonya, koma ankachiika pansi n'kufutuka pang'ono asanapeleke moni. Sindinama, inenso ndinkatelo.

Masiku amenewo boma linali kulalikila kuti achinyamata tisathamangile ku Lusaka kapena kumigodi, tikhale kumudzi titukule kwathu. Kunabwela bambo wina wa zachitukuko wochokela ku Nyimba, wamfupi, woyenda pa mthuthuthu wofiila, n'kutisonkhanitsa patsinde pa mkuyu. Anati tipange kalabu. Boma litipatsa simenti ya chitsime, ndipo tikaumba njelwa n'kumanga holo yoti akuluakulu aziphunzililamo kuwelenga, litipatsanso malata. Poti ndinali nditalawako sekondale, anandisankha kukhala mlembi. Mtsogoleli wathu anali mtsikana wina wamtali, mwana wa akatekisiti, wosaopa munthu, amene ankaponda dothi la njelwa mpaka anyamata tonse titakhala pansi kupuma.

Ng'oma za m'mudzi mwathu zinali zitafa kalekale. Ankazisema ndi amalume, ndipo iwo atachoka palibe amene anatola ntchitoyo. Ina inadyedwa ndi chiswe, ina inang'ambika, ina ana anaisandutsa mpando. Ife achinyamata sitinadandaule. Tinali ndi wailesi ya mabatile ndi nyimbo za magitala za m'tauni.

Tsiku lina masana azimai anali kutulutsa namwali. Posowa ng'oma anatenga chigubu cha palafini ndi ndowa yobooka n'kumaziomba ndi timitengo. Ine ndinali kuchokela kudambo kumene tinkaumba njelwa, matope mpaka m'mawondo, ndipo ndinadulila pafupi ndi kanyumba ka amalume. Ndinawapeza ataimilila pakhomo, khosi atapendeketsa.

"Iwe, tabwela. Chikulila uko n'chiyani?"

"Ndi chinamwali, amalume."

"Sindinafunse mwambo. Ndafunsa chikulilacho."

"Chigubu."

Analavula pansi. "Mwana wa munthu akumutulutsa ndi chigubu ngati akupilikitsa mbalame m'mapila! Ndipo anyamata muli phee, mukuumba njelwa. Nyumbayo mukaimanga muzikavinamo chiyani? Mapepala?"

Ndinati zinthu zinasintha, ino ndi nthawi ya chitukuko. Anangoti ndiwaonetse manja anga, ndipo ndinawatambasula ndili patali.

"Zala khumi, zonse zamoyo, ntchito yake kulemba maina m'buku," anatelo. "Mailo m'mawa ubwele ndi nkhwangwa. Mutu ndili nao ine, manja uli nao iwe."

Ndinapita chifukwa cha mkwiyo. Ndinkafuna kuwaonetsa kuti mwana wa sukulu nayenso amadziwa nkhwangwa. Tinaoloka mtsinje, iwo patsogolo ine m'mbuyo. Mtengo uliwonse wa mlombwa ankaumenya ndi chidendene n'kugunditsa khutu pathunthu. Anakana itatu. Wachinai anaumvetsela nthawi yaitali, kenaka anati, "Gwetsa uwu." Kasemasema wao wakale ndinamupeza kwa amama. Ndinangofunsa mwamwai, koma iwo anakwela pampando n'kumusolola m'denga, mmene anamubisa zaka zonsezo atamukulunga m'kansalu.

Kuboola chipikacho kunanditengela milungu. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, ena n'kumela pamwamba pake. Amalume ankakhala pambali pa kampando kao n'kumandinyoza.

"Ukusema mtondo wosinjila kapena ng'oma? Chepetsa apo. Osati apo, chitsilu iwe, apa!"

Zibakela zao zinalibenso kumva, choncho ankayeza kukhuthala kwa mtengo ndi tsaya. Ine ndinkagogoda kunja, iwo atagunditsa nkhope pamtengo, maso ali otseka. Chikopa cha mbuzi tinachinyika, kuchipala, n'kuchikhomela ndi zikhomo za nsungwi. Pakati tinamata phula. Titaiwamba pamoto ndinaiomba kamodzi, ndipo nkhuku za m'mudzi monse zinabalalika. Amalume anayang'ana kumbali n'kupukuta m'maso ndi phewa.

Vuto linali kuomba. Iwo sakanatha kundionetsa. Anayesa kuimba kamvekedwe kake ndi pakamwa, ine n'kumaphonyabe. Tsiku lachitatu anatopa nane.

"Tembenuka. Vula malaya."

Ndinatembenuka osadziwa chimene akufuna. Kenaka ndinamva zibakela zao pamsana panga, zikugunda: ziwili kumanja, chimodzi kumanzele, kupumila, n'kuyambanso. Thupi langa lonse linauma. Chibwelele ku Minga panalibe munthu amene anakhudzana nao khungu ndi khungu. Anazindikila ndipo analeka.

"Ukuopa? Ngati ukuopa nyamuka upite kwa amako. Sindikusunga."

Ndinali kuopadi. Koma ndinakumbuka mmene ndinaimila pabwalo paja, ndikumasulila kalata mokweza mau ngati munthu wanzelu, pamene ine mwini sindinaikhulupilile. Ndinachita manyazi oposa mantha.

"Pitilizani, amalume," ndinatelo.

Anagunda pamsana, ine n'kumatsitsila pang'oma chimene msana ukumva. Dzuwa lisanapendeke manja anga anali atagwila kaombedwe ka nsongwe, gule wa azimai a kwathu.

Wina anationa n'kukauza amama. Ndinawapeza atatenthetsa madzi, phulusa lili m'lichelo, akuti ndisambe ndisanakhudze chilichonse m'nyumba.

"Amama, kalata ija ndinawelenga ndine. Anachila."

"Kalata sidwala khate, mwana wanga. Amadwala ndi munthu."

"Ndiye ndikadwala mudzandimangile pafupi ndi iwo. Kusamba phulusa ndakana."

Analila. Sanandilankhule sabata yathunthu, koma chakudya ankandipatsa, ndipo phulusa lija analitaya kudzala.

Woyamba kunditsatila kwa amalume anali mtsogoleli wathu. Anafika, kugwada pafupi penipeni ndi kampando kao, kuomba m'manja n'kunena kuti, "Ambuya, atsikana tikufuna nyimbo. Zimene amama athu akuimba ndi zidutswa." Amalume ankazidziwa zonse, za nsongwe, za pamtondo, za pokolola, chifukwa woomba ng'oma amamva nyimbo iliyonse kambilimbili. Tinapangana lamulo m'kalabu: m'mawa chitsime ndi njelwa, masana kwa amalume. Makolo ena anachotsa ana ao, ndipo tinachepa. Akatekisiti anafuna kuletsa mwana wao, koma pakalata ya amalume ija panali chidindo cha asisitele, ndiye akanati chiyani? Anangopempha kuti Lamulungu ng'oma zizipuma. Pamene chitsime chinafika pamadzi tinali ndi ng'oma zitatu, anyamata anai odziwa kuomba, ndipo khoma la holo linali litafika pamawindo.

Bambo wa zachitukuko atamva ng'omazo anakondwa kwambili. Anati boma likufuna zimenezi, mtundu wopanda chikhalidwe ndi wakufa. Anatiuza kuti kudzabwela mlendo wamkulu kudzatsegula chitsime, ndipo ife tidzavina. Dziko linali litangolowa m'chipani chimodzi, ndipo chilichonse cha pagulu chinkayenela kudutsa m'manja mwa acheyamani a nthambi ya chipani m'dela lathu. Iwowa anali munthu wa kwathu konkuno, mlimi wa thonje, wokonda jekete ngakhale m'chilimwe. Anabwela kudzaonela kukonzekela kwathu. Anaimilila chapatali, mpango uli pamphuno, ndipo titamaliza anatiitanila pamkuyu.

Ananena zinthu ziwili. Choyamba, nyimbo imodzi isinthidwe mau. Inali nyimbo yakale yoseka mlendo amene amafika pokolola ndi thumba lalikulu, koma polima sanaoneke. Anati mlendo wathu angaganize kuti tikunena iye, choncho tiikemo mau otamanda chipani. Chachiwili, amalume asadzaoneke. Akhale m'kanyumba kao mpaka magalimoto atapita.

"Tikuonetsa chitukuko," anatelo. "Kudzakhala wojambula zithunzi. Mufuna anthu aone kuti ku Luembe kukali akhate?"

"Anachila, a Cheyamani," ndinatelo.

"Sindinafunse iwe, mlembi. M'dziko muno muli chipani chimodzi, ndipo mau ndi amodzi."

Mtsogoleli wathu anaimilila. Anali wamtali kuposa iwo.

"Chipani n'chimodzi, tamva, bambo. Koma ng'omazi mwini wake ndi ambuya aja. Nyimbo imene mukuiopayo inaimbidwa inu musanavale jekete. Ngati mlendo aimva ngati yake, ndiye kuti yamukwana. Mufuna gule wathu, koma munthu amene watipatsa guleyo mufuna timutsekele ngati mbuzi? Ife ayi."

Bambo wa zachitukuko anatuluka thukuta. Anatikokela pambali n'kutinong'oneza kuti tiganize za malata. "Ndi tsiku limodzi chabe, ana anga. Mailo lake mudzaimba zimene mufuna." Sanali munthu woipa. Anali ndi ana asanu ndiponso ntchito yoti aisunge.

Tinakawauza amalume. Ndinkaganiza kuti akalipa, koma anangoseka pang'ono.

"Ndisiyeni, ndinazolowela kuseli. Tengani malata anu."

"Ifenso tinazolowela kukusiyani kuseli," ndinatelo. "N'chimene tikufuna kuleka."

Anandiyankha kuti, "Ndiye musadzabwele kudzandililila mvula ikamalowa m'nyumba yanuyo."

Tsikulo litafika anthu anadzaza pachitsime kuyambila m'mawa. Ana a sukulu anandandalika m'mbali mwa mseu ndi timbendela ta mapepala. Ife tinanyamula ng'oma zitatu ndi kampando ka amalume. Iwo anayenda pakati pathu atavala malaya oyela amene amama anawachapila. Tinaika kampandoko kutsogolo, pafupi ndi ng'oma yaikulu. Anthu amene anali pamenepo anasendela kumbali ngati madzi akathilidwa mwala.

Acheyamani anafika akuthamanga. Magalimoto anali atayamba kumveka.

"Mchotseni! Ndati mchotseni!"

"Akachoka iwo tichoka tonse," anayankha mtsogoleli wathu.

"Chokani! Ana a sukulu aimba."

Sitinatsutsane naonso. Tinasenza ng'oma, ine ndinanyamula kampando, n'kudutsa pakati pa khamulo kubwelela kuseli kwa nkhokwe. Chitsime chimene tinakumba ndi manja athu anachitsegula ife kulibe. Tili pabwalo la amalume tinkamva ana akuimba, kenaka mau a mlendo akulankhula Chingelezi, wina n'kumamasulila.

Tinakhala pansi osadziwa chochita. Atsikana anali atamanga kale nsalu m'chiuno. Amalume anayang'ana ng'oma, n'kuyang'ana ife.

"Mwaziwambilanji ngati simuziomba? Zizizila."

Sitinapangane kuti tisokoneze msonkhano, ndipo mpaka lelo ndimanena zomwezo. Koma sitinaombenso monong'ona. Ndinayamba ine, anzanga analowa, mtsogoleli wathu anatsogola nyimbo ya mlendo wa thumba lalikulu ndi mau ake enieni. Oyamba kufika anali azimai achikulile atatu, amene anali asanavine nsongwe pang'oma yeniyeni kwa zaka zambili. Anaima m'mphepete, mapewa akugwedezeka okha. Kenaka mmodzi anataya nsalu ya kumutu n'kulowa m'bwalo. Ena anatsatila. Pasanapite nthawi theka la khamu lija linali kuseli kwa nkhokwe, pamalo pamene anthu ankaopa ngakhale kuponda. Amama anabwela mochedwa, anaima kumbuyo kwa mlongo wao, ndipo nthungululu yoyamba inali yao. Ndinamva pambuyo pake kuti mlendo anafupikitsa mau ake, anamwa madzi a pachitsime pang'ono, n'kukwela galimoto nkhope ili gwa.

Patatha masiku anai kunabwela uthenga woti mlembi ndi mtsogoleli tikaonekele ku Nyimba. Tinapalasa njinga imodzi mosinthana. Kumeneko anatikhazika pabenchi panja pa ofesi ina kuyambila m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, popanda madzi. Potsiliza anatilowetsa kwa bambo wina wa magalasi amene sitinkamudziwa. Ankafuna kudziwa amene anatituma. Kodi ndi anthu a zipani zimene zinaletsedwa? Kodi ndi ochokela kutsidya kwa malile, kumene kunali nkhondo?

"Palibe anatituma, bambo," ndinatelo. "Ngakhale mwini ng'oma anatiuza kuti timubise. Tinakana tokha."

Anandikankhila pepala ndi bolopeni. Anati ndilembe kalata yopepesa, ndivomeleze kuti tinanyoza chipani, ndipo nkhani ithela pomwepo. Ndinayang'ana mnzanga. Iye anati, "Lemba zimene tinachita." Ndinalemba kuti ife achinyamata tinakumba chitsime, tinaumba njelwa, tinasema ng'oma zitatu, ndipo tinavina pakhomo pa munthu amene anatiphunzitsa chifukwa anamuthamangitsa pachitsime. Ndinasaina. Bamboyo anawelenga kawili.

"Kupepesa kuli pati apa?"

"Palibe, bambo. Sindinaone choti ndipepese."

Sanatimange. Anatilanda makhadi a chipani n'kutiuza kuti kalabu yathu yafufutidwa m'buku la boma. Masiku amenewo munthu wopanda khadi ankavutika kugulitsa pamsika kapena kukwela basi, chifukwa anyamata a chipani ankaima pazipata. Malata sanabwele. Bambo wa zachitukuko sitinamuonenso, tinangomva kuti anamutumiza kudela lina.

Holo tinaimaliza tokha. Anyamata tinadula mitengo ya phaso, atsikana anamweta udzu, ndipo azibambo ena amene poyamba anachotsa ana ao anabwela kudzatithandiza kufolela, osanena kanthu za kale. Mvula yoyamba inadontha pangodya imodzi, ife n'kutchingila mphika. Mabuku ophunzitsila amene tinkayembekeza ku boma sanabwele, choncho ndinkaphunzitsa akuluakulu ndi makala pathabwa, ndipo mau amene tinkalemba anali a nyimbo zathu zomwe, m'Chinsenga, chifukwa ndiwo amene ankawadziwa pamtima. Acheyamani anakhala miyezi osatipatsa moni. Madzi a pachitsime ankatunga ngati wina aliyense.

Chaka chotsatila mtsogoleli wathu anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Nyalugwe. Atakhala kumeneko miyezi ingapo anatumiza mau kuti nakonso ng'oma kulibe, ndipo wasonkhanitsa kale atsikana. Ankafuna imodzi dzinja lisanayambe. Amalume anali atayamba kufooka miyendo, sakanathanso kuoloka mtsinje. Ndinasankha mtengo ndekha, kusema ndekha, kukunga ndekha. Nditaiwamba ndinapita nayo kwa iwo n'kuiomba. Anamvetsela atatseka maso.

"Ikulankhulila m'mphuno," anatelo. "Koma ikulankhula. Pita nayo."

Ndinaimangilila pakaliyala ka njinga ndi luzi n'kunyamuka m'mawa. Nditafika pamseu waukulu ndinapeza anyamata a chipani atapingasa mtengo, akufunsa makhadi. Mmodzi ndinaphunzila naye ku Petauke. Anandizindikila, n'kuyang'ana ng'omayo.

"Khadi, mnzanga."

"Ndilibe. Anandilanda."

"Gula lina, udutse. Kapena usiye katunduyo pano."

"Khadi sindigula, ng'oma sindisiya."

Ndinatembenuza njinga, iwo akundiseka. Ndinabwelela pang'ono, n'kulowa kanjila ka alenje kodutsa m'thengo ndi m'mapili. Malo ambili ndinkachita kukankha, pena kusenza njinga ndi ng'oma yomwe kuoloka timitsinje touma, ntchentche za kashembe zikundiluma m'khosi. Ndinagona pamudzi wina wa m'njila, ndipo ndinafika ku Nyalugwe tsiku lachiwili masana, miyendo itatupa. Mtsogoleli wathu uja anandiona ndili patali, anasiya musi mumtondo n'kuitana atsikana ake. Sanandifunse za ulendo. Anamasula luzi, anagogoda chikopa ndi chala, n'kutuma wina kuti akasonkhe moto woti tiiwambe.